Kapeti ya landilodi sichapidwa ngati chitenje

Ine ndinakulira ku Zingwangwa m'nyumba ya simenti. Loweruka lililonse mayi ankatidzutsa m'mamawa, wina tsache wina chikolopa, kenako kupaka Cobra wofiira uja n'kumapukuta ndi chisanza mpaka pansi pazichita kuoneka nkhope. Kapeti tinali nayo imodzi yokha, kakang'ono ka pabalaza pansi pa tebulo, ndipo ikada tinkangoikulunga n'kuitulutsa panja, kuimenya ndi ndodo fumbi lichoke, kenako Surf ndi bulashi, madzi ndowa zitatu kapena zinayi, n'kuiyanika pa mpanda. Dzuwa la Okutobala lija pofika 3 koloko yauma gwa. Ndiye m'mutu mwanga kuchapa kapeti kunali kumeneko basi, madzi ambiri, sopo wambiri ndi mphamvu za m'manja.

Maganizo amenewo ndi amene anandidyera ndalama kuno ku England, ndipo ndikuona abale ambiri amene angofika kumene akulowera njira yomweyo, ndiye ndati ndifotokoze.

Ndinabwera ku Leeds mu 2022 pa ntchito yosamalira okalamba, bambo a kunyumba ndi ana awiri anabwera pambuyo. Nyumba imene tinapeza inali mwa zija zogundana mzere wonse, yopapatiza, masitepe otsetsereka ngati makwerero, ndipo kupatula kukhitchini ndi kubafa kwina konse kunali kapeti yomata pansi kuyambira khoma ili mpaka khoma ilo. Mtundu wake wa kirimu abale. Amene anasankha mtundu umenewo m'nyumba ya renti ndiye kuti analibe ana. Renti inali £850 pa mwezi ndipo dipoziti tinapereka £980, imene ndi renti ya masabata 5, poti lamulo la kuno sililola landilodi kupitirira pamenepo pa nyumba ngati zathuzi. Ndalama imeneyo tinachita kubwereka kwa anzathu ndiye sinkachoka m'mutu mwanga.

Tsoka linagwa tsiku la bethide ya kamtsikana kanga. Tinaitana mabanja angapo a kwathu, ine ndinaphika nkhuku ya curry mpoto waukulu, mpunga, nsima ya azibambo, ndipo poti nyumba ndi yaing'ono chakudya tinaika pa katebulo pabalaza. Ana akuthamangitsana mmodzi anakoka nsalu ya patebulo, mbale yonse ya nkhuku ija khuthu pansi. Msuzi wachikasu pa kapeti ya kirimu, malo ake kukula ngati lichero. Amayi anzanga onse anadzuka nthawi imodzi, aliyense ndi nzeru zake, wina thirani mchere, wina bweretsani soda, wina sopo wochapira zovala ndi madzi otentha. Ine ndinachita zonsezo. Ndinatenga soda yemwe uja timaphikira therere n'kuwaza, pamwamba pake sopo waufa, madzi a mu ketulo, n'kugwada ndi bulashi yochapira nsapato kumakwecha ndi mtima wonse.

Banga lija m'malo mochoka linasanduka lofiira ngati njerwa. Ndinachita mantha ndikuganiza kuti mwina maso anga, koma ayi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mu curry muli turmeric, ndipo turmeric ikakumana ndi soda kapena sopo wamphamvu imasintha mtundu kuchoka kuchikasu kupita kofiira. Komanso kukwecha kuja kunabalalitsa msuzi, lichero linakhala ngati mkeka, ndipo ubweya wa kapeti pamalopo unanyankhalala, ukapondapo umachita kumva kuti pano ndi posiyana.

Apa ndi pamene ndikanaimbira munthu wodziwa ntchito. Koma ndinati aaa, ndilipire mzungu kudzachapa pansi ine manja ndili nawo? Kwathu angandiseke. Ndinakoka sofa n'kubisa pamalopo kwa miyezi iwiri.

Mu Novembala mnzanga wa kuntchito anandiuza za makina ochapira kapeti amene amabwereketsa m'masupamaketi akuluakulu, umalipira tsiku limodzi kapena awiri n'kugula botolo la mankhwala ake. Ndinakatenga, zonse pamodzi ndi mankhwala zinandikwana pafupifupi £45. Makinawo si oipa ayi, vuto linali ine. Pa botolo analemba muyeso koma ine ndinathira kawiri kake poti kapeti inali yakuda kwambiri, ndipo pamene ukuyenera kufinya batani la madzi kamodzi n'kubwerezanso kudutsa osafinya kuti makina ayamwe madziwo, ine ndimangofinya ulendo uliwonse, pa banga paja ndinadutsa mwina ka 15. Madzi otuluka anali akuda bii ndipo ndinasangalala, ndinajambula n'kutumiza pa WhatsApp kwa achemwali ku Blantyre kuti taonani ntchito.

Tsiku loyamba kapeti yonyowa. Lachiwiri yonyowa, ukaponda masokosi akunyowa. Kunja mvula ya ku Yorkshire ija yosatha, 4 koloko kwada kale, mawindo sungatsegule ana azizidwa, hita tikuyatsa moumira poopa bilu ya gasi imene chaka chimenecho inali yoopsa. Lachitatu m'nyumba munayamba kumveka fungo ngati la chikolopa chimene chagona m'ndowa. Ndipo itauma pamapeto pake banga lija linabwerera, osati pamalo amodzi okha, mabanga ena abulauni amene sindinawaonepo anatulukira m'mbali mwa khoma. Patangotha masabata atatu njira yochoka pakhomo kupita kukhitchini inada kuposa kale.

Zonsezi zili ndi zifukwa zake ndipo ndinazimva kwa bambo amene ndinadzawaitana. Pansi pa kapeti pamakhala chinthu chofewa ngati siponji, amati underlay. Ukathira madzi ambiri amadutsa kapeti n'kukakhala mmenemo, makina obwereka aja mphamvu yake yoyamwa siifika kumeneko. Ndiye pamene kapeti ikuuma, madzi a pansi aja amakwera m'ulusi ngati mmene parafini amakwerera pa chingwe cha koloboyi, akukwera atanyamula litsiro lonse la pansi, la ife ndi la anthu amene ankakhalamo ife tisanabwere. Sopo wotsala uja nayenso amamata, fumbi lililonse la ku nsapato limakakamira pomwepo, n'chifukwa chake kapeti yochapidwa ndi sopo wambiri imada msanga.

Panalinso nkhani ina imene sindinkauza anthu. Kamnyamata kanga nthawi imeneyo tinali tikukaphunzitsa kusiya thewera, ndiye kuchipinda kwa ana ngozi zinkachitika, usiku kadzuka kakufuna kuchimbudzi osafika. Ndinkapukuta msanga ndithu, kuthira Dettol, kuwaza ufa wonunkhira uja n'kuhuva (kuyamwa fumbi ndi makina), masana bwinobwino. Koma madzulo hita ikangoyaka fungo limadzuka. Ndinazolowera mpaka tsiku lina mayi wina wa kutchalitchi atabwera kudzacheza anandikokera pambali n'kundiuza mwaulemu kuti "amake mwana, kumwambaku muzitsegulako mawindo." Ndinafuna pansi patseguke ndilowe.

Amene anandikankha kuti ndiitane katswiri ndi kusamuka. Titapeza nyumba ina yokulirapo tinapereka notisi, ejenti woyang'anira nyumba m'malo mwa landilodi anabwera kudzayendera ndipo atangosuntha sofa ija anangojambula osalankhula kanthu. Usiku umenewo sindinagone, £980 ikuzungulira m'mutu.

Ndinaimbira anthu atatu. Woyamba anali wa kapepala kamene anaponya pachitseko, mtengo wotsika mochititsa kaso, koma nditafunsa kuti kodi mtengowo ukuphatikiza kuchotsa mabanga ndi masitepe anayamba kuzungulira, tidzaona tikafika, ndinamusiya. Wachiwiri anangotchula mtengo osafunsa funso ngakhale limodzi. Wachitatu anali bambo wachikulire ndithu, iwowa anandipanikiza ndi mafunso ngati ndili kuchipatala, chinatayika ndi chiyani, liti, munathirapo chiyani, kapeti ndi ya ubweya wa nkhosa kapena ya pulasitiki, tumizani zithunzi. Pa funso la munathirapo chiyani ndinayamba ndanama, ndinati madzi okha. Anaseka pa foni n'kunena kuti curry safiira ndi madzi okha, ndiuzeni zoona kuti ndidziwe mankhwala obweretsa. Ndinaulula zonse, soda, sopo, madzi otentha, makina obwereka. Chonde mukaitana munthu musabise zimene munathira, mankhwala ake akakumana ndi anu aja zikhoza kuipiraipira.

Atabwera sanayambe ndi makina. Anapita pakona kuseri kwa chitseko n'kudula kaulusi kochepa, n'kukayatsa ndi laita panja. Anandiuza kuti ubweya wa nkhosa ukapsa umanunkha ngati tsitsi, ngati mmene timawaulira nkhuku, ndipo phulusa lake limafumbutuka, pamene wa pulasitiki umasungunuka n'kuuma kakhale kampira kolimba. Yathu inali yosakaniza, ubweya wambiri ndithu, ndipo anati ndili ndi mwayi kuti sindinathire Jik, chifukwa bulichi amadya ubweya ndipo pamenepo palibenso angakonze. Kuchipinda kwa ana anatseka makatani n'kuyatsa katochi ka kuwala kwa buluu. Abale inu. Malo amene ine ndinkati ndayeretsa ankawala mabwalo mabwalo kuchokera pabedi mpaka pachitseko, mapu enieni a maulendo a mwana wanga. Anati mkodzo ukauma umasiya timchere timene sopo wamba sachotsa, ndipo kukatentha kapena kukakhala chinyontho fungo limayambiranso, pamafunika mankhwala a ma enzyme amene amasiyidwa kwa kanthawi kuti aphwanye zimenezo, kenako kuyamwa mpaka pansi.

Chimene ndinawakondera ndi chakuti sanandinamize. Asanayambe anandiuza kuti fungo lichoka, mabanga abulauni achoka, njira yakuda ija ichoka, koma la curry litsalako pang'ono chifukwa madzi otentha aja anauphikira mtunduwo mu ulusi ndipo ubweya umene ndinakwecha sungabwererenso. Anahuva kaye nyumba yonse pang'onopang'ono, anapopera mankhwala, anadikira, kenako chipaipi chochokera ku makina ake chikuthira madzi otentha n'kuyamwa nthawi yomweyo, ndipo mmene ndinkaonera nthawi yambiri ankathera poyamwa osati pothira. Poyamba madzi otuluka pabalaza anali thovu lokhalokha, sopo wanga wa mu Novembala uja. Pomaliza anaika zimafani ziwiri pansi n'kuika timapepala ta siliva kunsi kwa miyendo ya mipando kuti isasiye dzimbiri kapena utoto. Anabwera 9 koloko m'mawa, pofika madzulo tikuyendapo ndi masokosi ouma. Ndinalipira £160 pa balaza, masitepe ndi zipinda ziwiri, ndipo anandipatsa risiti yolemba zonse zimene achita.

Tsopano za dipoziti, poti apa ambiri timaberedwa chifukwa cha mantha. Kuno ku England kuyambira pa 1 June 2019 pali lamulo lotchedwa Tenant Fees Act 2019, ndipo landilodi kapena ejenti sangakukakamizeni kuti mulipire kampani yoyeretsa potuluka m'nyumba. Chimene angafune ndi chakuti nyumba muisiye yoyera mofanana ndi mmene munaipezera, mwayeretsa nokha kapena mwaitana munthu zili ndi inu. Mukaisiya yakuda kuposa pamenepo ndi pamene amadula ku dipoziti. Ndiye pepala lija amakupatsani polowa, inventory, lokhala ndi zithunzi za chipinda chilichonse, musalitaye ndipo tsiku lolowa jambulani zanu, makamaka mabanga amene mwawapeza kale. Dipoziti yanu sikhala m'thumba mwa landilodi chisawawa, amayenera kuiteteza pasanathe masiku 30 ku limodzi mwa mabungwe atatu, DPS, MyDeposits kapena TDS, ndipo mukasemphana pa zodula mabungwe amenewa amaweruza ulere. Ku Scotland malamulo ndi mabungwe ake ndi ena, amene muli kumeneko fufuzani za kwanuko.

Ife ejenti analemba kuti akufuna £350 yosinthira kapeti ya pabalaza. Ndinayankha ndi risiti ya bambo aja, zithunzi za pambuyo pochapa, ndi tsamba la inventory pamene iwo eni analemba kuti kapeti inali yakale ndi yoperepeseka pakhomo ife tikulowa. Landilodi saloledwa kupezerapo kapeti yatsopano pa ndalama zanu pamene yake inali itatha kale, amayenera kuchotsera zaka zimene yagwira ntchito. Tinakokanakokana pa imelo sabata ziwiri mpaka tinagwirizana £80, ndipo ndinavomera chifukwa banga linalipodi, ndinalipanga ndine. Mukawerengera, 45 ya makina, mwina 30 ya timabotolo ndi maufa onunkhira amene ndinkagula mwezi ndi mwezi, 160 ya katswiri, 80 yodulidwa. Chikhala ndinaimba foni tsiku lotsatira bethide lija bwenzi ndi balaza lokha, banga likadali laliwisi.

Panopa mmene ndimaganizira ndi kuti chinthucho chalowa mpaka pati. Ngati chili pamwamba ndipo ndachiona nthawi yomweyo, ndimathana nacho ndekha. Tiyi, Sobo amene amatibweretsera obwera kuchokera kumudzi, juwisi wa ana, ndimatenga thaulo loyera n'kumadinda, kudinda osati kukwecha, kuyambira m'mphepete kulowa pakati, kenako madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, kudindanso, kutsukuluza ndi madzi okha, pomaliza thaulo louma n'kutsindika ndi mabuku usiku wonse. Matope ndimawasiya aume kaye n'kuhuva, ukawagwira ali aawisi wawapaka. Magazi madzi ozizira okha, otentha amawaumitsa mu ulusi. Chingamu ndimaika ayisi mu pepala la pulasitiki chilimbe n'kuchipala ndi supuni. Mankhwala alionse atsopano ndimayesa kaye pakona yobisika. Ndipo musadzasakanize Jik ndi viniga kapena kuthira Jik pa mkodzo, mpweya umene umatuluka ndi woopsa m'nyumba zotseka ngati zathuzi.

Koma ngati chadutsa n'kufika ku underlay, kapena fungo likubwerera ndikayeretsa, kapena banga ndalichotsa kawiri likutulukanso, kapena ndi zinthu za utoto ngati curry, dayi wa tsitsi, inki, makamaka pa kapeti ya ubweya, manja anga ndimawabweza. Chimodzimodzi mukalowa nyumba imene munkakhala galu kapena mphaka inu muli ndi khanda lokwawa kapena mwana wa asima, pamenepo ine sindingaumire, koma yambani mwapempha landilodi kuti achapitse iyeyo musanalowetse katundu, nyumba yopanda mipando imachapika bwino komanso msanga.

Za madzi ndiye ndinaziyesa m'nyumba yatsopanoyi. Ndikuchokera ku shifiti ya usiku ndinapeza paipi ya kuseri kwa makina ochapira zovala yaphulika, madzi adutsa kukhitchini mpaka theka la balaza, ukaponda phwa phwa. Ine wakale uja bwenzi nditatenga mataulo ndi ndowa n'kuyatsa hita. Ulendo uno ndinatseka madzi, ndinajambula vidiyo, ndinatumiza uthenga kwa landilodi nthawi yomweyo kuti pakhale umboni wa tsiku ndi nthawi, n'kuimbira bambo ochapa kapeti aja. Chinthu chonyowa chikakhala tsiku limodzi kapena awiri chuku chimayamba, ndipo chikamera pansi pa kapeti simuchiona, mumangomva fungo ndi ana kutsokomola. Anabwera masana omwewo, anayamwa madzi, anatukula kapeti mbali imodzi, underlay yonyowayo anaidula n'kutaya, anasiya zimafani ndi makina oyamwa chinyontho masiku atatu. Poti makina ochapirawo anali a nyumba, bilu inapita kwa landilodi. Anandiuzanso kuti akanakhala madzi a kuchimbudzi obwerera m'mapaipi sakanachapa n'komwe, kapeti yotero ndi yotaya.

Palinso pamene kuitana katswiri n'kungotaya ndalama. Bambo a kunyumba anasita malaya pansi tsiku lina akuthamangira basi, ayironi inasiya chithunzi chake chonse pa kapeti ya kuchipinda, imeneyi ndi ya pulasitiki ndiye inasungunuka. Pamenepo palibe chochapa, pamafunika woika makapeti adule n'kuikapo chigamba. Malo amene Jik wayeretsa nawonso si litsiro, mtundu unachoka. Kapeti yoperepeseka pa masitepe ngakhale muichape bwanji siimeranso ubweya. Ndipo timakapeti tosuntha totchipa tija, mtengo wochapitsa ukhoza kuposa wogula katsopano.

Posankha munthu, funsani ngati ali ndi inshuwalansi yolipira akakuonongerani kapeti, funsani njira imene amachapira ndi maola amene imatenga kuti iume, mtengo wonse akulembereni pa meseji asanabwere, kusuntha mipando ndi mabanga zili momwemo kapena ayi. Kuno kuli bungwe la ochapa makapeti lotchedwa NCCA, pa webusaiti yawo mukhoza kupezapo mamembala a dera lanu. Amene akukulonjezani pa foni kuti banga lililonse lichoka asanalione n'komwe, ameneyo mutsanzikeni. Ngati mukusamuka muitaneni katundu atatuluka, tsiku limodzi kapena awiri musanabweze makiyi, kuti ejenti asadzapeze kapeti yonyowa.

Makina obwereka aja ndimatengabe, kamodzi pachaka cha mu Juni kapena Julaye kukamatentha mawindo onse ali pululu, muyeso wa pa botolo ndendende, kuthira kamodzi kuyamwa katatu. Nsapato zimathera pakhomo, alendo ena amadandaula koma azolowera. Ndipo tsiku la nkhuku ya curry ndimayala pulasitiki pansi n'kuphimba ndi zitenje ziwiri zakale, ana amadyera pamenepo. Mayi atationa pa vidiyo tsiku lina tonse titakhala pansi pa chitenje ndi mbale za nsima anaseka mpaka kutsokomola, akuti ndiye munakwereranji ndege.